Kamvekedwe ka mawu pa wailesi ya m'galimoto

Kamvekedwe ka mawu pa wailesi ya m'galimoto ndi momwe nyimbo kapena mawu a munthu amatulukira pa zipangizo zoyimbira zoikidwa m'galimoto, zomwe ndi wailesi, ampulifaya, masipika ndi mawaya ozilumikiza. Mawu amatchedwa oyera ngati akumveka monga momwe anajambulidwira, popanda kusasa, kuthetheka, mluzu wochokera ku injini kapena kugwedera kwa malata a zitseko. Kukwera kwa mawu ndi kuyera kwa mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zipangizo zimatha kusokosera kwambiri koma mawu ake ali osasa. Mavuto ambiri a kamvekedwe amachokera pa kalumikizidwe ndi katcheredwe ka zipangizo. Kulakwitsa pa zimenezi kumawotcha masipika, kumagwetsa batire, ndipo nthawi zina kumayambitsa moto m'galimoto.

Mbiri

Imodzi mwa wailesi zoyamba za m'galimoto kugulidwa ndi anthu ambiri inali Motorola, yomwe inatuluka mu 1930. Inapangidwa ndi kampani ya Galvin Manufacturing Corporation ya ku Chicago, ya abale awiri Paul ndi Joseph Galvin. Ku Germany wailesi ya m'galimoto ya Blaupunkt inatuluka mu 1932, ndipo mu 1952 kampani yomweyo inapanga ina yogwira FM. Wailesi za nthawiyo zinkagwiritsa ntchito mavalavu agalasi omwe ankatentha ndi kudya magetsi ambiri. Phokoso lochokera ku mapulagi a injini linali kale vuto lalikulu kwa amisiri oyika wailesizi.

Kampani ya Chrysler inayesa kuika choyimbira mbale, chotchedwa Highway Hi-Fi, m'magalimoto ake a 1956, koma sichinakhalitse pamsika. Mu 1965 Ford inayamba kuika matepi a 8-track. Pambuyo pake makaseti, omwe Philips inatulutsa mu 1963, ndi omwe anafala. Choyimbira ma CD cha m'galimoto cha Pioneer CDX-1 chinatuluka mu 1984. Masiku ano nyimbo zambiri zimachokera pa foni kapena pa flash, kudzera pa USB, Bluetooth, Apple CarPlay ya mu 2014 kapena Android Auto ya mu 2015.

Zipangizo ndi ntchito zake

Wailesi ya pa dashibodi ndiyo gwero la mawu. Imawerenga nyimbo n'kuzisandutsa mafunde amagetsi ofooka. Wailesi zambiri zogula padera zimatsatira muyezo wa DIN, womwe ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 msinkhu, kapena 100 msinkhu pa zotchedwa double DIN. Kumbuyo kwake kumakhala malo olumikizapo mawaya a RCA opita ku ampulifaya, ndipo ambiri amatulutsa mavolti 2, 4 kapena 5.

Ampulifaya imakuza mafunde ofookawo kuti athe kukankha masipika. Ilipo ya mitundu ingapo, koma yofala m'galimoto ndi Class AB ndi Class D. Ya Class AB imasandutsa pafupifupi theka la magetsi omwe yakoka kukhala mphamvu yopita ku masipika, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Ya Class D imafika pa 80 peresenti kapena kuposerapo, choncho imakhala yaying'ono ndipo sitentha kwambiri.

Sipika ili ndi maginito, koyilo ya waya wopyapyala ndi kambale komwe kamanjenjemera n'kukankha mpweya. Khutu la munthu wachinyamata limamva mafunde kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz, ndipo palibe sipika imodzi yomwe imatulutsa bwino mafunde onsewa. N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa: subwoofer imatulutsa besi, masipika a m'zitseko amatulutsa mawu apakati monga a woyimba ndi gitala, ndipo tweeter imatulutsa mawu ang'onoang'ono akuthwa.

Mphamvu ndi manambala a pa bokosi

Batire la galimoto likakhala lodzaza limasonyeza mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira alternator imawakweza kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Magetsi ochepawa ndi omwe amaika malire pa mphamvu ya wailesi yopanda ampulifaya yapadera. Wailesi zambiri zimalembedwa kuti 50 W x 4, koma mphamvu yomwe zimatulutsa mosalekeza popanda kusasa imakhala pafupifupi mawati 14 mpaka 22 pa sipika iliyonse. Ampulifaya yapadera imapyola malirewa chifukwa mkati mwake muli chokweza magetsi kuchoka pa mavolti 14 kufika pa mavolti ambiri.

Nambala yodalirika poyerekeza zipangizo ndi ya RMS, yomwe imanena mphamvu yotuluka mosalekeza. Manambala olembedwa kuti Max, Peak kapena PMPO amakhala aakulu koma sanena zomwe chipangizo chimachita poyimba nyimbo. Muyezo wa CEA-2006, womwe tsopano umatchedwa CTA-2006, umafuna kuti mphamvu ya ampulifaya iyezedwe pa mavolti 14.4 ndi sipika ya ma ohm 4, kupotoka kwa mawu kusapitirire 1 peresenti.

Kukwera kwa mawu kumayezedwa m'ma decibel, mwachidule dB. Kuwirikiza mphamvu kawiri kumawonjezera ma dB 3 okha, omwe khutu limawamva ngati kusintha pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika ma dB pafupifupi 10, kutanthauza mphamvu yowirikiza ka 10. Choncho ampulifaya ya mawati 100 siyisiyana kwambiri ndi ya mawati 75 pa kukwera kwa mawu. Phindu lenileni la ampulifaya yamphamvu ndi loti imakhala ndi mphamvu yotsala pamene ng'oma yagunda mwadzidzidzi, ndipo mawu sasasa.

Kusasa kwa mawu ndi kutchera gain

Ampulifaya iliyonse ili ndi malire a mavolti omwe ingatulutse. Ikakakamizidwa kupyola malirewo, nsonga za mafunde zimadulidwa n'kukhala zaphwatalala. Amisiri amatchula zimenezi kuti clipping. Kwa womvera, besi imamveka yosweka ndipo mawu a woyimba amasasa. Kwa sipika, mafunde odulidwa amabweretsa kutentha kochuluka mu koyilo, komanso amabala mafunde ena akuthwa omwe amathamangira ku tweeter. Koyilo ikatentha kwambiri, guluu ndi utoto wotchinga waya wake zimapsa, sipika imanunkha kenako imasiya kulira.

Chomwe chimayambitsa clipping kawirikawiri ndi kusamvetsa ntchito ya kabatani kotembenuza kotchedwa gain. Anthu ambiri amakatenga ngati voliyumu yachiwiri n'kukapotokola mpaka kumapeto. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi mavolti omwe wailesi ikutumiza. Wailesi ya mavolti 4 imafuna gain yotsika kusiyana ndi ya mavolti 2 kuti ampulifaya ifike pa mphamvu yomweyo. Gain ikakwera mopyola, mphamvu ya ampulifaya siyiwonjezeka. Chimachitika n'choti ampulifaya imafika pa malire ake voliyumu isanakwere, ndipo phokoso lililonse lolowa m'mawaya limakuzidwanso.

Njira yofala yotchera gain imagwiritsa ntchito multimeter. Choyamba amawerengera mavolti ofunika pochulukitsa mawati a RMS ndi ma ohm a sipika, kenako n'kupeza square root ya yankholo. Mwachitsanzo, mawati 50 pa ma ohm 4 amapereka 200, ndipo square root yake ndi mavolti pafupifupi 14.1. Mawati 300 pa ma ohm 2 amapereka 600, omwe ndi mavolti pafupifupi 24.5. Ngati sipika imapirira mawati ochepa kuposa a ampulifaya, nambala ya sipika ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito. Kenako amatsatira ndondomeko iyi:

1. Kuchotsa mawaya a masipika pa ampulifaya.
2. Kuzimitsa bass boost ndi loudness, ndi kubweza equalizer yonse pa 0.
3. Kutsitsa gain mpaka pansi ndi kukweza voliyumu ya wailesi kufika pafupifupi magawo atatu mwa anayi, chifukwa wailesi zambiri zimayamba kusasa zikayandikira kumapeto.
4. Kuyimba mawu oyesera a funde limodzi, a 50 Hz pa subwoofer kapena a 1,000 Hz pa masipika ena.
5. Kuika multimeter pa mavolti a AC, kuyeza potulukira masipika, ndi kukweza gain pang'onopang'ono mpaka nambala yowerengeredwa ija itakwana.

Njirayi imadalira kuti mawati olembedwa pa ampulifaya ndi oona. Oscilloscope imathandiza kuposa multimeter chifukwa imaonetsa funde lenilenilo ndi pomwe nsonga zake zayambira kudulika. Gain ikatcheredwa, voliyumu yomwe inagwiritsidwa ntchito poyesa ndiyo imakhala malire poyimba. Bass boost imasokoneza zonsezi, popeza kukweza besi ndi ma dB 6 kumafuna mphamvu yowirikiza ka 4, ndipo ma dB 12 amafuna yowirikiza ka 16.

Mawaya, fyuzi ndi earth

Ampulifaya imakoka magetsi ake mwachindunji ku batire. Ya Class D yotulutsa mawati 500 imakoka mawati pafupifupi 625, omwe pa mavolti 13.8 ndi ma ampere pafupifupi 45. Waya wowonda amatentha ndipo mavolti amatsika asanafike ku ampulifaya, zomwe zimachititsa kuti iyambe kusasa msanga. Kukula kwa waya kumatchulidwa m'manambala a AWG, ndipo nambala ikakhala yaying'ono waya amakhala wonenepa. Waya wa 8 AWG ndi pafupifupi 8.4 mm², wa 4 AWG ndi 21 mm², ndipo wa 1/0 AWG ndi 53 mm². Mawaya otsika mtengo olembedwa kuti CCA ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya momwe kopa amachitira, choncho waya wotere amafunika kukhala wonenepa kuposa wa kopa weniweni, ndiponso sachedwa kudyeka pomwe pali chinyezi.

Fyuzi ya pa waya wamkulu imaikidwa pafupi ndi batire, ndipo amisiri ambiri sapyola masentimita 45. Fyuziyi imateteza wayayo. Waya wopanda fyuzi akasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, batire limatulutsa ma ampere mazanamazana, waya amafiira ndipo kapeti imagwira moto. Pomwe waya akudutsa pa bowo la chitsulo pamafunika mphira womutchinga kuti asadulike. Ntchito yolumikiza isanayambe, waya wa negative wa pa batire amachotsedwa. M'magalimoto a hybrid, mawaya amtundu wa lalanje amanyamula magetsi oopsa omwe angathe kupha munthu, ndipo sakhudzidwa. Malole ambiri amagwiritsa ntchito mavolti 24, omwe amawotcha zipangizo za mavolti 12 ngati palibe chotsitsira magetsi.

Magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo waya wolumikiza ampulifaya ku chitsulocho amatchedwa earth. Ayenera kukhala wamfupi, wonenepa mofanana ndi waya wamkulu, ndi womangidwa zolimba ndi bawuti pamalo popalidwa penti ndi dzimbiri. Earth yosagwira bwino imabweretsa phokoso, imatenthetsa ampulifaya ndipo imayichititsa kuzima yokha.

Magetsi akutsogolo akamaphethira besi ikagunda, ndiye kuti alternator ndi mawaya akulephera kukwaniritsa zomwe ampulifaya ikufuna. Capacitor imangosunga magetsi kwa kanthawi kochepa ndipo sipanga ena. Chothandiza ndi kukulitsa mawaya atatu, wochoka ku alternator kupita ku batire, wochoka ku batire kupita ku chitsulo, ndi wochoka ku injini kupita ku chitsulo, kapenanso kuika alternator yaikulu.

Phokoso lochokera ku injini

Mluzu womwe umakwera dalaivala akaponda mafuta umachokera ku alternator. Alternator imapanga magetsi a AC omwe ma diode amawasandutsa a DC, koma timafunde tochepa timatsalira. Timafundeti timalowa m'mawu makamaka pamene wailesi ndi ampulifaya zili ndi earth m'malo awiri omwe mavolti ake akusiyana pang'ono. Zikatero magetsi amayenda m'mawaya a RCA kufuna kufananitsa malo awiriwo, ndipo ampulifaya imawakuza ngati nyimbo. Vutoli limatchedwa ground loop.

Pofufuza gwero, amisiri amazimitsa zipangizo n'kuchotsa mawaya a RCA pa ampulifaya, kenako n'kulizanso injini. Mluzu ukapitirira, vuto lili pa ampulifaya, pa earth yake kapena pa mawaya a masipika. Ukatha, ndiye kuti ukulowera pa wailesi kapena m'njira yomwe ma RCA adutsa. Waya wina wa RCA woyalidwa pamwamba pa mipando kwa kanthawi amathandiza kusiyanitsa ziwirizi. Mawaya a RCA amadutsitsidwa kutali ndi mawaya akuluakulu a magetsi, ndipo akakumana amapingasana m'malo moyenda limodzi. Chaja ya foni yotsika mtengo nayo imabweretsa mluzu pamene foni ikuchajidwa uku ili pa waya wa AUX. Kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kamachepetsa phokoso, koma kotsika mtengo kamadyanso besi, choncho ndi bwino kuyamba wakonza earth ndi gain.

Kugawa mawu ndi kulumikiza masipika

Crossover ndi sefa yomwe imatumiza mafunde oyenera ku sipika iliyonse. Sefa ya HPF imadutsitsa mafunde okwera n'kutsekereza besi, pomwe ya LPF imadutsitsa besi yokha. Amisiri ambiri amayambira pa 80 Hz, kuika HPF pa masipika a m'zitseko ndi LPF pa subwoofer. Masipika a m'zitseko akamasulidwa ku besi yakuya amatha kulira mokweza popanda kusasa. Subwoofer ikaloledwa kufika pa mafunde okwera kwambiri, womvera amazindikira kuti besi ikuchokera kubuti ndipo mawu a woyimba amalemera mosayenera. Tweeter siyenera kulumikizidwa popanda sefa chifukwa besi imayiwotcha msanga.

Masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4. Awiri akalumikizidwa mwa parallel amakhala ma ohm 2, ndipo akalumikizidwa mwa series amakhala ma ohm 8. Ampulifaya iliyonse ili ndi ma ohm otsikitsitsa omwe ingapirire. Njira ziwiri za ampulifaya zikaphatikizidwa kuti zikankhe sipika imodzi, zomwe zimatchedwa bridging, njira iliyonse imanyamula katundu wofanana ndi theka la ma ohm a sipikayo. Ampulifaya zambiri zikaphatikizidwa chonchi sizilola kutsika pansi pa ma ohm 4.

Sipika imodzi ikalumikizidwa mozondotsa, positive ndi negative zitasinthana, kambale kake kamalowa pamene ka inzake kakutuluka. Mafunde amafafanizana, besi imachepa ndipo mawu a woyimba sadziwika komwe akuchokera. Batire laling'ono la mavolti 1.5 limathandiza kuyesa: positive yake ikakhudza positive ya sipika, kambale kamatulukira kunja. Kuyesa kotere sikuchitika pa tweeter. Pa wailesi zambiri zogula padera, waya woyera ndi wa kutsogolo kumanzere, wotuwa wa kutsogolo kumanja, wobiriwira wa kumbuyo kumanzere, ndipo wapepo wa kumbuyo kumanja. Waya wabuluu wokhala ndi mzere woyera ndi womwe umayatsa ampulifaya.

Mkati mwa galimoto

Galimoto ndi malo ovuta kumveramo nyimbo. Magalasi amabweza mawu, mipando imawameza, ndipo matayala, mphepo ndi injini zimaphimba mawu otsika. Chitseko ndi malata opyapyala okhala ndi mabowo, choncho mafunde a kumbuyo kwa sipika amazungulira n'kufafaniza a kutsogolo. Kumanga sipika pa mphete yolimba, kutseka mabowo ndi kumata mapepala a butyl pa malata kumawonjezera besi ndi kuthetsa kugwedera. Mapepala opangidwa ndi phula amafewa ndi kununkha galimoto ikakhala padzuwa.

Subwoofer imafuna bokosi la kukula koyenera. Kawerengedwe kake kamachokera pa ntchito ya A. Neville Thiele ndi Richard H. Small ku Australia, ndipo opanga masipika amalemba malita a bokosi omwe sipika iliyonse imafuna. Bokosi lotsekeka limakhala laling'ono ndipo silivuta kupanga bwino. Bokosi lokhala ndi bowo lotulukira mpweya limakweza besi pa mafunde omwe latcheredwa, koma pansi pa mafundewo kambale kamagwedezeka popanda choletsa, choncho pamafunika sefa yotchedwa subsonic.

Dalaivala sakhala pakati pa masipika. M'mayiko oyendetsa kumanzere kwa msewu monga Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain, chiwongolero chimakhala kumanja, ndipo mawu a sipika ya kumanja amafika msanga komanso mokwera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa millisecond imodzi. Ngati sipika ya kumanja ili pa masentimita 90 ndipo ya kumanzere pa 140, kusiyana kwa masentimita 50 kumafuna kuti ya kumanja ichedwetsedwe ndi ma millisecond pafupifupi 1.5. Wailesi zina ndi zipangizo za DSP zimatha kuchita zimenezi, ndipo woyimba amamveka ngati ali pakati pa dashibodi.

Gwero la nyimbo

Ampulifaya siingabwezeretse zomwe zinatayika kale mu nyimbo. CD imanyamula 1,411 kbps, pomwe MP3 imachotsa zina kuti fayilo ichepe, ndipo imafika pa 320 kbps basi. Nyimbo za 128 kbps kapena kutsikirapo, makamaka zomwe zasinthidwa kangapo potumizirana pa foni, zimamveka zosalongosoka pa mawu akuthwa. Mafayilo a FLAC sataya kanthu. Bluetooth imapanikizanso nyimbo isanazitumize, pomwe tizipangizo totumiza nyimbo za pa foni kudzera pa FM timachepetsa mawu akuthwa ndi kulowetsa phokoso.

Magalimoto ambiri a ku Malawi ndi Zambia ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Wailesi zake zinapangidwira FM ya ku Japan, yomwe imayambira pa 76 MHz ndipo pa wailesi zambiri imathera pa 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu za kum'mwera kwa Africa zimaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Kachipangizo kotchedwa band expander kamatsitsa mafunde kuti wailesiyo iwagwire, koma manambala a pa wailesi sagwirizananso ndi enieni ndipo masiteshoni ena amatha kugundana. Kusintha wailesi yonse kumathetsa vutoli.

Chitetezo cha makutu

Zipangizo zamphamvu zimapyola ma dB 100 mosavuta m'galimoto yotsekeka. Bungwe la NIOSH la ku United States limaika malire a ma dB 85 kwa maola 8 pa tsiku, ndipo ma dB 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo ndi theka, moti pa ma dB 100 malire ndi mphindi 15. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kusapyola ma dB 80 kwa maola 40 pa sabata pomvera nyimbo. Timaselo ta mkati mwa khutu tikawonongeka sitimeranso, ndipo kulira kwa m'makutu munthu akatsika m'galimoto ndi chizindikiro choti mawu anapyola muyezo. Oyendetsa minibasi ndi matakisi, omwe amakhala m'galimoto tsiku lonse, ali pa chiopsezo chachikulu. Mawu okwera amalepheretsanso dalaivala kumva hutala ndi sailini ya ambulansi.

Mipikisano

Mabungwe monga IASCA, EMMA ndi dB Drag Racing amachititsa mipikisano ya zoyimbira za m'galimoto. Mipikisanoyi ili m'magulu awiri akuluakulu. Mu gulu la SPL amayeza kukwera kwa mawu ndi makina, munthu ali kunja kwa galimoto pa milingo yokwera kwambiri. Mu gulu la SQ oweruza amakhala pa mpando wa dalaivala n'kumvera nyimbo zosankhidwa, ndipo amapereka mapointi pa kuyera kwa mawu, kugwirizana kwa besi ndi mawu ena, malo omwe woyimba ndi zida akumvekera, komanso ukhondo ndi chitetezo cha kalumikizidwe ka mawaya.